Tcheni Chinaduka Ndili ndi Feteleza wa Kuponi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu kumene muliko. Ndine mayi wamasiye wa ku Simlemba. Ndikufuna ndichitire umboni za chaka chimene amuna anga anamwalira, ine n'kutsala ndi ana atatu, munda wa chimanga, ndi njinga yamoto imene sindinkadziwa ngakhale poilizira.

Bambo a Tadala sanadwale nthawi yaitali. Anatisiya fodya ali pa nazale. Pamaliro anthu analira, koma ine msozi sunatuluke, ndipo ena ankati ndine wolimba mtima. Sikunali kulimba mtima. Mumtima munangochita dzanzi, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Amayi a kumpingo ankabwera kudzandiimbira nyimbo, ine n'kumangoyang'ana mapazi awo. Kupemphera ndinkagwada ndithu, koma mawu sankabwera, ndinkangodzuka maondo atatuwa. Fodya uja anaumira pa nazale pomwepo ndipo sizinandikhudze.

Njingayo amuna anga ankachitira kabaza. Mlamu wanga, asanabwerere ku ntchito kwake ku tauni, anandiphunzitsa kuyendetsa pa bwalo la mpira. Anthu ankaima m'mbali kumaseka mzimayi wa chitenje akulimbana ndi magiya. Kuseka kwawo ndinkakumva ngati kukuchokera kumudzi wina.

Chaka chimenecho dzina langa linatuluka pa makuponi. Koma feteleza anachedwa kufika ku depoti. Mvula inagwa, tinadzala, chimanga chinamera, kenaka n'kuyamba kuchita chikasu. Amene analimapo mchenga wa kwathu kuno, umene fodya anaudya kalekale, akudziwa kuti munda wopanda feteleza ndi njala. Tsiku lina tinamva kuti lole yatsitsa matumba ku Kaluluma, ndipo aliyense ankadziwa kuti sachedwa kutha. Ngolo zonse za m'mudzi zinali zitagwidwa kale. Ine ndinali ndi njinga.

Vuto linali tcheni. Chakalecho chinali chitatha, chinkangovuka ndikagunda kadzenje. Amuna anga anali atagula chatsopano koma sanachiikeko, chinali chikadali m'katoni. Ndinali nditawaonerera kambirimbiri akugwira ntchito imeneyi, ndiye ndinati palibe chovuta. Paja safunsa anadya phula. Ndinamasula nati ya tayala lakumbuyo, n'kuchotsa tcheni chakale, n'kukoleka chatsopano m'mano ake, n'kulumikiza ndi kachitsulo kaja amati loko. Mpaka apo zinali bwino. Koma ife alimi a fodya chilichonse timamanga kuti gwa, kaya ndi mtolo, kaya ndi belo, kaya ndi mitengo ya chigafa choumitsiramo fodya. Chinthu chikamalendewera timati mwini wake ndi waulesi. Choncho ndinakokera tayala kumbuyo mpaka tcheni chinauma, osagwedera ngakhale pang'ono, ndipo ndinati ndagwira ntchito.

Ku depoti ndinaima pa mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinapatsidwa matumba anga awiri, lina la wokulitsa, lina la yureya. Anthu ankasangalala, ena kuimba kumene, ine ndinangomanga matumba ndi mphira kumbuyo kwa njinga n'kunyamuka.

Ndili pakati pa maesiteti, kumene kulibe mudzi koma fodya yekhayekha, ndinalowa m'kadzenje ndipo ndinangomva kuti thaa! Injini inalira kwambiri koma njinga sinapitenso. Nditacheuka ndinaona tcheni chili gone mumchenga. Kumwamba kunali kutada bii, ndipo mphepo ya mvula inali itayamba kale kuweramitsa fodya. Pepala lofunditsira matumba ndinalibe. Yureya akanyowa amasungunuka ngati mchere, ndipo kuponi sapereka kawiri. Chakudya cha ana anga cha chaka chonse chinali m'matumba amenewo.

Sindinakuwe, sindinathamange. Ndinangoima nditagwira mahandulo, chifukwa ndikanasiya njinga ikanagwa. Pamenepo m'pamene ndinapemphera mawu oyamba chimwalirire amuna anga, ndipo anali awiri okha: “Ambuye, mwaona.”

Madontho oyamba akugwa, munthu wina anatulukira m'fodya muja akuthamanga, mkazi wake ali pambuyo. Anali tenanti wa pa esitetipo, malaya ake ong'ambika pamsana. Kwathu matenanti timawatcha obwera, ndipo nkhuku ikasowa m'mudzi timayamba kuloza kwa iwo. Choncho chimene chinabwera m'mutu mwanga n'chakuti feteleza wanga wapita.

“Mayi, kankhani! Mvula iyi siyodikira munthu,” anatero bamboyo.

Tinakankha tonse atatu mpaka m'chigafa chawo, chimene anali atangochifolera kumene podikira fodya. Titangolowa, mvula inakhuthuka. Mkaziyo anabwereranso kumsewu mvula ili pamsana, nakatola tcheni, n'kumapapasa m'matope mpaka anapeza loko. Kokha kachitsulo kopanira loko kanasowa. Mwamunayo anadula kawaya pa chigubu chawo chotungira madzi. Anati amakonzera kapitawo wa pa esitetipo njinga yake, ndiye anazolowera.

“Tcheni ichi anamanga ndani?” anafunsa.

“Ndine.”

“Mwamanga ngati belo la fodya, mayi. Ichi sichifuna choncho.”

Anatenga sipanala m'kabokosi ka njinga, n'kumasula nati, n'kukankhira tayala kutsogolo pang'ono. Atalumikiza tcheni n'kupana loko ndi waya uja, anandiuza kuti ndikwere ndikhalepo, matumba ali pomwepo. Anandifotokozera kuti njinga ikalemedwa imatsika, ndipo ikatsika tcheni chimakokeka. Ukachimanga njinga ili yopanda kanthu, n'kuchiumitsa, katundu akakwera chilibenso kopita koma kuduka. Choncho umachiyesa munthu atakhalapo ndi katundu wake, ndipo chizitha kukwera ndi kutsika pang'ono ukachikankha ndi chala. Anandiweramitsa kuti ndichikankhe ndekha ndimve. Kenaka anayang'ana mbali zonse ziwiri kuti tayala lisapotoke, n'kumanga nati.

Mvula ikadali kugwa, mkazi uja anaona kuti denga likudontha pafupi ndi thumba la yureya. Anavula chitenje chake chapamwamba n'kufunditsapo. Anasisita thumbalo ndi dzanja, n'kunena mosadandaula kuti, “Ife makuponi satipeza. Kwathu ku Phalombe amati tili ku Kasungu, kuno amati si kwathu.”

Inali nthawi ya njala, ndipo ndinkaona ndi maso kuti phoso la pa esiteti silinkawakwana. Matumba anali pamphuno pawo, ine ndili ndekha. Mvula itakata, anandikankhira njinga mpaka mumsewu. Ndinati zikomo monga umanenera pogula sopo mu golosale, ndipo ngakhale maina awo sindinafunse.

Feteleza anafika kunyumba ali wouma. M'mawa mwake tinathira ndi ana, ndipo chimanga chinabiriwira. Tinakolola chokwanira chaka chonse, ana anga sanagone ndi njala.

Titatha kutonola, mphepo ya mwera ikuomba, ndinamanga thumba limodzi la chimanga pa njinga. Ndinakhalapo, n'kuweramira pansi kuyesa tcheni ndi chala, n'kunyamuka kupita ku esiteti kuja. Chigafa ndinachipeza, koma udzu unali utasasuka. M'kanyumba kawo munali banja lina, limene linali litangofika kumene, mphasa ndi mapoto zikadali panja. Anandiuza kuti amene ankakhalamo anachoka fodya atagulitsidwa, anakwera lole ndi anzawo, ndipo palibe ankadziwa ngati anabwerera kwawo kapena anapita ku esiteti ina.

Ndinatsitsa thumba n'kulikhalira m'chigafa mopanda denga muja. Abale anga, pamenepo m'pamene maliro a amuna anga anandipeza. Ndinalira mokweza mpaka mawu anasasa. Ndinalirira bambo a Tadala, ndinalirira ana anga, ndinalirira anthu awiri amene anapulumutsa chakudya changa iwo ali ndi njala, ine osawafunsa n'dzina lomwe. Mayi wa m'banja latsopano lija anangobwera kudzakhala pambali panga mpaka ndinatonthola. Thumbalo sindinabwerere nalo, linatsala pakhomo pawo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mawu awiri, lochokera mumtima umene sunkamva kanthu. Inu amene mukugwada koma mawu sakubwera, musasiye kugwada. Inu amene mukudzuka m'mawa osadziwa chimene mwadzukira, dzukanibe, iye akuona. Ndipo mukamapemphera, mundikumbukirire banja lija la ku Phalombe. Ine maina awo sindiwadziwa, koma amene anawatuma akuwadziwa. Ameni.