Mwala Unabwerera Mwini Wake

Pa siteji ya basi ku Lupembe panafika mwamuna wachilendo wopanda katundu. Anakhala pafupi ndi Keziya, amene ankagulitsa nthochi yekhayekha.

"Pepani dada, chipsera chili pamphumicho n'cha kunkhondo?" anafunsa Keziya.

"Nkhondo ya mbalame, mama. Ndili mwana ndinkaingitsa mpheta m'munda wa mpunga. Pofuna kudzionetsera kwa kamtsikana kena, legeni ndinaigwira mozondoka. Mwala unabwerera mwini wake."

"Kamtsikanako kanaseka?"

"Mpaka kugwera m'matope. Kenako kanang'amba mpango wake n'kundimanga."

"Mpangowo unali wa amayi ake, ndipo anakakwapula tsiku limenelo," anatero Keziya. "Mnyamatayo anathawira ku Tanzania zaka khumi zapitazo. Ngakhale kalata imodzi! Ine basi iliyonse ndimayang'ana otsika."

"Makalata amatsegulidwa m'njira ndi aboma, mama."

"Nanga dzina lanu ndani?"

"Pa khadi la chipanili palembedwa Wallace."

"Sindikufunsa khadi."

Mwamunayo anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Basi ikubwerayo ndikwera, Keziya, ndipo usanditchule kwa munthu. Ndine Ambokile."