Vitamini C Wofiira ngati Tiyi

Kodi ndani anafiiritsa mankhwala a mwana wa Subira? Mwiniwake yankho anali nalo kale. Pa siteji ya Mangochi, podikira minibasi yopita ku Namwera kwa ankhoswe ake, anaonetsa botolo kwa mtsikana wina wovala yunifolomu ya sitolo ya mankhwala.

"Achemwali, taonani! Vitamini C uyu pogula anali woyera mbee. Lero wafiira ngati tiyi wopanda mkaka. Apongozi anga athiramo zawo. Ankhoswe amva lero lomwe."

"Munawaona akuthira, amayi?"

"Wothira amaitana mboni?"

"Nanga botololi mumalisunga pati?"

"Pamalo pabwino zedi. Ine si wosasamala ayi."

"Ndafunsa chifukwa vitamini C wamadzi ndi wamanyazi kuposa mkwatibwi. Akakumana ndi mpweya, dzuwa kapena kutentha, amasintha mtundu, mphamvu yake n'kutha."

"Iii, sukulu yanuyi! Dzuwa liononge chinthu? Ife ku Nkhudzi usipa timausunga ndi chiyani? Chimene chimaola ndi chonyowa, chotsekeredwa m'nyumba."

"Ndiye chitsekero chake?"

"Ndimachotsa, kuti mankhwala apitidwe mphepo."

"Amayi, ankhoswewo asiyeni alime. Kagulani lina, muzilitseka zolimba, muziliika pamthunzi pozizira. Apongoziwo muwatengereko shuga."

Minibasi inadzaza n'kunyamuka, Subira ali pa benchi pomwepo. Botololo ankaliyanika yekha pa thandala la usipa, m'mawa uliwonse, kwa milungu itatu.