Dizilo wa Achimwene Lufeyo

Zaka zija dziko lino litangolandira ufulu, ife tikugwira ntchito pansi mumgodi kuno ku Bindura, gasi wophikira amene mukumudandaulayu kunalibe, ana inu. Sunthirani kuno pamthunzi ndi masilinda anuwo, mzerewu suyenda msanga. Ife tinkaphikira parafini pa pulayimasi, ndipo nayenso ankasowa, koma chimene chinandiswa mtima ine si parafini ayi, ndi dizilo wa achimwene anga a Lufeyo.

A Lufeyo ndiwo ananditenga ku Dedza ndili mnyamata. Anali munthu wosamwa, wosaseka wamba, ndipo mtima wawo wonse unali pa chinthu chimodzi, kubwerera kumudzi amayi athu akadali moyo. Inu obadwira m'tauni muno ku Chipadze simungamvetse. Mtchona, munthu amene wakhalitsa kunja, sankabwerera kwawo chimanjamanja, ankasekedwa ndi ana omwe. Choncho achimwene anagula malata, makina osokera, njinga ndi bedi lachitsulo, ndipo katundu wotero salowa m'basi, amafuna lole.

Panali Mshona wina wa lole, a Mutasa, amene ankanyamula anthu akwathu opuma ntchito. Chaka chimenecho paipi yobweretsa mafuta kuchokera ku Beira inali itaphulitsidwa, magalimoto akugona pamzere. A Mutasa anati, "Lole iripo, mudhara, hapana nhamo, palibe vuto. Koma dizilo mubwere naye nokha, wopitira ndi wobwerera. Mtengo wake wa mawa ine sindiudziwa."

Ndani ankaudziwa? Mafuta sitikumba kuno, amabwera pa sitima kuchokera kutsidya la nyanja, ndipo amagulidwa ndi ndalama za eni ake. Nikelo amene tinkakumba ifeyo, mtengo ankatchula ogula. Mafuta amene tinkagula, mtengo ankatchula ogulitsa. Ife kwathu kunali kuvomera basi, monga mukuvomerera inu leroli.

Achimwene anaganiza mozama, ndipo tsiku lina anandiuza kuti, "Iwe Yohane, ndalama ukaisunga imaonda, koma dizilo ukamusunga amanenepa." Kuyambira pamenepo, mafuta atayambanso kupezeka, mwezi uliwonse ukatha ankapita kugalaji ndi chigubu. Vuto linali lakuti mgodi sunkalola mafuta m'komboni, kuopa moto, ndipo alonda ankafufuza m'nyumba. Tsono tinachita zimene tinaphunzira kwa amayi posunga mbatata. Tinakumba dzenje m'kadimba kathu, kumunsi kwa mulu wa dothi la mgodi, tinayala udzu ndi phulusa, nkuikamo migolo iwiri. Itadzaza tinaikwirira bwinobwino, pamwamba nkubzala maungu.

Dizilo anakwana, koma msewu wopita kwathu wodzera ku Tete, ku Mozambiki, unali pankhondo. Malole ankayenda moperekezedwa ndi asilikali, ena nkuotchedwa panjira, ndipo a Mutasa anakanitsitsa. Ine ndinati, "Achimwene, kwerani basi muzungulire ku Zambia, mukawaone amayi, malatawa adzabwera pambuyo." Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ndikafike ngati wothawa mlandu? Kuona maso a nkhono nkudekha, Yohane." Tinadekhadi, ana inu, mpaka imvi zinayamba kutuluka.

Kenako kunabuka nkhondo kumaiko a Aluya, kumene ife sitinapondeko, koma inatipeza m'nyumba mwathu. Mafuta anakwera, dola yathu inayamba kuonda, ndipo mafuta akakwera amakoka zonse, basi, ufa, sopo, ngakhale tomato wa pamsika amene sanakwerepo galimoto. Nkhondoyo inatha, koma mtengo sunatsike, sindinauonepo ukutsika chibadwire. Makina a mgodi ankamwa dizilo wodula pokumba nikelo wotchipa, ndipo mabwana anayamba kuchotsa anthu akuluakulu. A Lufeyo anali m'gulu loyamba, chifuwa chitawagwira kale. Koma iwo okha m'komboni monse ndi amene ankamwetulira wailesi ikalengeza kukwera kwa mafuta. Ankandikodola nkunong'ona kuti, "Chuma changa chikukula pansi pa maungu."

Mtendere utabwera ku Mozambiki, chaka chija cha chilala, tinamva kuti amayi adwalika, akufunsa ana awo. A Mutasa anavomera. Loweruka m'mawa tinakweza katundu yense m'lole, amayi a mvano anabwera kudzaimba nyimbo zotsanzikana, nkhuku zinaphedwa, ndipo achimwene anavala jekete imene anaisunga m'bokosi chigulireni. Tinatenga makasu, ife ndi a Mutasa, kupita kudimba.

Tisanafike nkomwe pa chitsulo, dothi linayamba kuda ndi kununkha. Mgolo wodzaza sungautukule anthu awiri, koma uwu ndinaukoka ndekha ndi dzanja limodzi. Kunsi kwake kunali mabowo okhaokha ngati sefa, ndipo wachiwiri chimodzimodzi. Madzi otsika m'mulu wa mgodi amadya chitsulo, zimenezo tinkaziona tsiku ndi tsiku kuntchito, koma pokwirira paja tinaganiza ngati ana a kumudzi, kuti nthaka imasunga.

Achimwene anagwada ndi jekete yawo ija, anatapa dothi lakudalo m'manja, analinunkhiza, nkunena motsitsa kuti, "Ali pompano, Yohane. Sanapite kutali." Anayamba kulifinya. A Mutasa anavula chipewa nkungoti, "Zvakaoma, mudhara," kutanthauza kuti nzovuta, mdala. Ine ndinalira ngati mwana, sindibisa ayi.

Kuti tigule dizilo wina pa mtengo watsopanowo, tikanagulitsa malata, makina, bedi ndi njinga yomwe, lole nkupita ku Dedza yopanda kanthu. Tinatsitsa katundu amayi a mvano akadali pomwepo, nkhuku zili pamoto. Ndinawachondereranso achimwene kuti tikwere basi, koma anati ayambanso ndi chigubu. Ayambe ndi chiyani, ntchito itatha? Ine mgodi unandikaniza tchuthi, unati wopita asabwerenso. Amayi anatisiya mvula isanagwe, osaona aliyense wa ife. Achimwene anawatsatira chaka chotsatira, ndipo ali kumanda a kuno, pakati pa alendo anzawo.

Malata aja ndi amene ali padenga langa ku Chipadze, ndipo mpaka lero sadontha, achimwene ankadziwa kusankha. Inu mumati mukudikira kuti zinthu zitsike mtengo kuti mukaone makolo anu. Sizidzatsika, ana anga, ine ndadikira mokwanira m'malo mwanu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ngati amayi ako ali moyo kwinakwake, iwe wa chipewa chofiirawe, kwera kombi Loweruka lomwe lino, ngakhale m'manja muli mbee. Amayi athu sanafunse malata pomwalira, anafunsa kuti Lufeyo wafika kodi.