Mwendo wa R

Kwatsala ola limodzi kuti mayi wogulitsa mankhwala atsegule sitolo yake yatsopano, koma chikwangwani sichinathe. Wolemba zikwangwani, mkulu wamakani amene sanagonjepo kwa kasitomala, ali pamakwerero, walemba R wamkulu wobiriwira ndipo akumuyang'ana ngati mwana wake wachisamba.

"Bambo, mwaiwala kamzere kodutsa pamwendopo."

"Sindinaiwale, mayi. Ndakana."

"Mwakana?"

"Zaka makumi atatu ndikulemba, sindinakhwatchepo chilembo changa. Anthu adzati ndinalakwitsa."

"Si kukhwatcha ayi! Ndi chizindikiro cha mankhwala. Chimakhala papepala lililonse la dokotala."

"Ndiye madokotalawo amalakwitsa tsiku ndi tsiku? Mayo ine!"

Mayiyo anakonza magalasi. Iyeyu ukamufunsa nthawi amayamba ndi mbiri ya wotchi.

"Tamverani. Kalekale madokotala ankalemba m'Chilatini. Ankayamba ndi mawu ouza wosakaniza mankhwala kuti tenga ichi, tenga icho. Mawuwo amayamba ndi R. Pofulumira, ankangolemba R n'kudula mwendo, kusonyeza kuti afupikitsa."

"Oho! Ulesi basi. Ine si waulesi. Nditchulireni mawu onsewo, malo alipo."

"Palibe amene angawawerenge!"

"Nanga wodulidwayu amamuwerenga ndani?"

"Aliyense amamudziwa! Ena mpaka amati anachokera ku diso la mulungu wina wa Aiguputo."

"Diso? Bwanji osanena kale!" Mkuluyo anaviika bulashi mupenti mwachimwemwe. "Maso ndiye ndimatha. Mukufuna la nsidze kapena lopanda?"

"Ayi, ayi, ayi! Anthu aziti muno n'chipatala cha maso!"

"Ndijambule awiri?"

"Tsikani!"

"Atatu ndiye ayi, mayi, ndine wopemphera."

"Tsikani, bambo, ndidule ndekha!"

Anatsika, n'kupereka bulashi ndi manja awiri, nkhope ili kumbali. Mayiyo anavula nsapato, n'kukwera akudziyankhulira. Atafika pamwamba anakweza dzanja. Dzanjalo linaima m'malere.

"Dulanitu," anatero mkuluyo.

"Ndikudula."

"Penti ikudontha."

"Koma bambo... mwendowu mwaupinda bwanji chonchi?"

"Ndi dzanja, mayi."

"Wasalala bwanji! Taonani mmene watsikiramo. Iii, ayi, ine chisoni chandigwira." Anatsitsa bulashi. "Tingomusiya choncho."

"Mwati bwanji? Sitolo ya mankhwala, R wosadula? Anthu aziti ndi R wa 'radio', muno mumakonza mawailesi!"

"Si inu mumakana?"

"Ndimakana ndisanadziwe kuti n'za Chilatini. Tsikani, mungandichititse manyazi."

Anasinthananso. Mkuluyo anapukuta manja, n'kutsinzina diso limodzi, n'kuloza bulashi pamwendo paja. Mayiyo pansi anagwira makwerero, maso atatseka.

"Pang'onopang'ono, bambo! Musamupweteke!"

"Aaa, mayi, mankhwala a ululu mwadzaza mashelefu onsewo, mukusungira ndani?"