Kwadi ya Abwana ndi Mlandu wa Parafini

Moni nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, a kuno ku Mtakataka ndi akutali omwe. Mtendere wa Ambuye ukhale m'makomo mwanu. Lero ndikufuna kuchitira umboni za nyengo imene ndinatsala pang'ono kuchoka pa ntchito ndi dzina la wakuba, chifukwa cha njinga yamoto ya mateyala anayi imene anthu amaitcha kwadi.

Ndine kapitawo pa famu ya ng'ombe ya a Kathumba. Eni akewo amakhala kumtunda ku Dedza, kozizira kuja, ndipo kuno amatsika akalakalaka kukalipa. Chaka chatha anatumiza kwadi yawo pa lole kuti ndizizungulira nayo madambo, popeza dzinja likafika galimoto imatitimira m'matope. Poyamba inkayenda ndithu, kungoti inkatentha msanga. Kenaka matenda anakula. M'mawa inkafuna choko, kachotsekera mpweya kothandiza injini yozizira kulira, mpaka dzuwa litakwera. Ndikafinya moto ndi chala inkatsamwa, ndikasiya moto sinkatsika, inkangolirabe pamwamba. Ekizozi inkaphulika ngati mfuti, ng'ombe n'kubalalika dambo lonse. Ndikamasula pulagi ndinkaipeza yoyera mbee, ndipo aliyense amene anakhalapo ndi njinga yamoto amadziwa kuti pulagi yoyera ndiye kuti injini ikumwa mpweya wambiri koma petulo wochepa.

Ndinawafotokozera abwana kuti mpweya wa kuchigwa kuno ndi wolemera kuposa wa kumapiri, choncho jeti, kachitsulo kabowo kamene kamayeza petulo m'kabuleta, iyenera kukhala yokulirapo. Iwo anaseka pa foni mpaka kutsokomola. Anati mpweya ndi mpweya, ndipo kwawo kwadiyo sinadwalepo. Atatero anatulutsa zimene zinali kukhosi kwawo: akuti ine ndinkagulitsa petulo wawo kwa anyamata a kabaza ku Golomoti, n'kumadzazira thanki ndi parafini. Munthu woti sanayambe wagwirapo sipanala, koma anapeza matenda a injini ali pampando wa khushoni kumapiri!

Pofuna kuyeretsa dzina langa ndinayamba kuitana amakaniko, ndipo apa ndi pamene ndinaona kuti dziko lino lili ndi akatswiri a pakamwa. Woyamba anabwera ndi chikwama cha zitsulo zadzimbiri ndi chipewa chotembenuza. Sanamvetsere n'komwe kulira kwa injini. Anachotsa jeti, n'kusolola waya wa buleki ya njinga yakapalasa, n'kuyamba kutokosa bowo ngati akuchotsa nyama m'mano. Kwadi inayamba kufuka utsi wakuda pothamanga, koma ikaima inkalirabe pamwamba ndi kuphulika monga kale. Wachiwiri ananyoza woyambayo kuti ndi wokonza mawilibala, kenaka iye n'kuikamo jeti ya njinga ya kabaza. Wachitatu anapotokola kasikuluwu ka mpweya uku ndi uku, nkhope ataiumitsa ngati dokotala, n'kunena kuti injini yonse yatha, ndipo ali ndi m'bale wake amene angaigule ngati zitsulo. Onsewa anadya nkhuku zanga. Ankabwera ndi majeti oyesera, ndipo amene ankasiya ndinkangowaponya m'kachitini, osadziwa kuti ndikusungiranji.

Chimene chinandiwawa kwambiri si amakaniko ayi, koma anthu opemphera nawo. Nkhani ya parafini inafika kutchalitchi ine ndisanafike. Anthu amene ndinkawanyamulira odwala awo kupita nawo kuchipatala ku Mua anayamba kundipatsa moni wa nsonga za zala. Mkulu wina, amene amapemphera mokweza kuposa tonse, anandikokera pambali n'kundiuza kuti zimenezi ndi mivi ya adani, ndibweretse kwadi aiwaze madzi. Ndinawafunsa ngati madziwo amalowa m'kabuleta, ndipo kuyambira tsiku limenelo anauza anthu kuti ndine wodzikuza. Ndimawakhululukira chifukwa Ambuye analamula, koma ulemu umene ndinali nawo pa iwo unatha.

Kenaka abwana anandipatsa njira ziwiri. Anati abwera Loweruka masana. Ndikavomera pamaso pa antchito onse kuti ndinkathira parafini, andikhululukira, ndipo ndikhala pa famu ngati mbusa wamba wa ng'ombe. Ndikakana, ndipereke makiyi ndi nyumba, ndizipita. Iwo ankaona ngati achita chifundo chachikulu. Abale anga, ndinalefuka. Ndinayang'ana nyumba imene takhalamo zaka zambiri, ndi mitengo ya mango imene tinadzala tokha, mtima n'kumandiuza kuti kungonena kuti “ndine” si imfa. Ndinasiya kudya. Pemphero langa linafupika mpaka linatsala mawu ochepa okha: Ambuye, Inu mukudziwa kuti sindinabe, ndionetseni pamene pali bodza.

Loweruka m'mawa ndinalowa m'shedi mmene kwadi inakhala nthawi yaitali osayenda. Ndinati ndiilize komaliza, kuti abwana asadzanenenso kuti ndaba batire. Inalira ndi matenda ake onse. Koma sindinadziwe kuti mavu anali atamanga chisa pansi pa thanki, ndipo kunjenjemera kwa injini kunawautsa. Ena anandiluma pakhosi, ena pachikope. Ndinakuwa mosayenera kapitawo. Akazi anga, Nabanda, anatulukira ndi chitini cha mankhwala opopera udzudzu.

“Tachokani apo, bambo a Tadala, angakumalizeni!” anatero, n'kupopera pansi pa thanki mosayang'ana.

Nthawi yomweyo kulira kwa injini kunasintha. Inakwera mwamphamvu, kenaka n'kubwerera. Ndinaiwala ululu.

“Tapoperaninso pomwepo, mayi,” ndinatero.

“Mavu athawa kale. Mukufuna nditenthe shedi?”

Ankanena zoona, mankhwala amenewa amayaka, ndipo sindikulangiza aliyense kusewera nawo pafupi ndi ekizozi yotentha. Koma ndinawachonderera kuti apopere pang'ono chabe, pa labala wolumikiza kabuleta ndi injini. Anapopera, injini n'kukweranso. Apa ndinagwada, diso limodzi litatupa, n'kuganiza: ngati injini ikumwa mankhwala pamalo pamenepa, ndiye kuti pali khomo limene siliyenera kukhalapo. Ndinaizimitsa, n'kupisa chala kunsi kwa labala uja, kumene maso safika. Chala chinalowa mumng'alu. Labala anali atauma ndi kutentha kwa kuno n'kung'ambika chakunsi, ndipo injini inkakoka mpweya wakuba pamenepo miyezi yonseyi. Akatswiri onse aja ankalimbana ndi jeti, osagwada n'komwe kuti asade mawondo.

Ndinadula chubu chakale n'kukulunga labalayo zolimba, kuti agwire mpaka titapeza watsopano. Nditailiza, moto unatsika bwinobwino koyamba, koma utsi wakuda unachuluka chifukwa jeti imene inalimo inali yaikulu mopitirira. Ndinakhuthula kachitini kaja. Ndinkaika jeti, kuthamanga mpaka kudambo, kubwerera, kumasula pulagi n'kuona mtundu wake. Ikada bii, jeti yakula. Ikayera, yachepa. Nabanda ankandigwirira zitsulo uku akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Dzuwa lili pamutu ndinamasula pulagi n'kuipeza yofiirira ngati tiyi wamkaka. Jeti yake inali yokulirapo pang'ono kuposa imene kwadi inabwera nayo kuchokera kumapiri, monga ndinanenera poyamba paja.

Abwana anafika atavala jekete m'dzuwa la ku Mtakataka. Anasonkhanitsa antchito pansi pa mtengo, n'kukhala pampando kudikira kuti ndilape. Ine ndinapita kushedi, n'kuiliza kwadi kamodzi kokha popanda choko, n'kudzaiimitsa patsogolo pawo ikulira mofatsa. Ndinawauza kuti petulo ali m'thankiyo ndi yemwe uja ankati ndi parafini, sindinakhuthule ngakhale dontho. Kenaka ndinamasula chubu chija, ndipo nthenda yonse inabwerera pomwepo anthu akuona. Ndinawapempha mwaulemu kuti apise chala chawo kunsi kwa labala. Anazengereza, koma antchito onse ankawayang'ana. Anagwada m'fumbi ndi thalauza lawo losita, n'kupisa.

Atadzuka anasasa mawondo n'kunena kuti, “Ine ndinkadziwa kuti a Kapitawo si munthu wotero.”

Pepani sanamutchule, ndipo mpaka lero sanamutchulepo. Pakamwa pomwe paja pamene panandiweruza pa foni panasanduka mboni yanga popanda manyazi. Ndinangoona abusa a ng'ombe akuyang'ana pansi kubisa kuseka, ndipo zimenezo zinandikwanira.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanatume mneneri kapena katswiri, koma tizilombo toluma ndi mkazi wanga wokwiya. Ndikuthokoza Nabanda, amene pa nthawi yonseyi sanandifunsepo ngakhale mwachinsinsi ngati ndinabadi. Ntchito ndikugwirabe, nyumba tikukhalamobe, ndipo a kutchalitchi aja ayambanso kupereka dzanja lonse, ine n'kumalandira poti ndi lamulo.

Kwa inu amene mwapanikizidwa kuti muvomere chimene simunachite, amene akukuuzani kuti mukangogonja zonse zitha, ndikuti limbikani ndipo musasiye kupemphera, ngakhale pemphero litatsala la mawu awiri. Ine ndinadzuka Loweruka lija nditakonzeka kale kunena kuti “ndine”. Ndikanatero, labala uja akanapezeka tsiku lina ndi munthu wina, kwadi ikanachira, koma ine ndikanakhala wakuba mpaka m'manda, ndi umboni wa pakamwa panga pomwe. Ambuye ananditseka pakamwa nthawi isanakwane, ndipo dzina limene ana anga akutchulidwa nalo ndi loyera. Alemekezeke. Amen.