Aniletsa Chizungu kwa Mdzukulu Wanga

Inu a pa wailesi, kalata iyi muwerenge mokweza, chifukwa ine sininong'ona. Nine mdala wa ku Bundabunda. Nikaitana ng'ombe, amayankha ni anthu a tsidya la mtsinje.

Sukulu ninalekeza Giredi 2, koma Chizungu ninatola pa famu poyendetsa thirakitala. Mzungu anali kunimva, ntchito inali kuyenda.

Mdzukulu wanga wamkazi anabadwira ku Lusaka, Chinyanja sadziwa. Sondo iliyonse tinali kucheza pa foni m'Chizungu changa chomwecho, iye n'kumaseka mpaka kutsokomola.

Mwezi watha atate ake, mwana wanga woyamba, anabwera kumudzi.

"Atate, lekani kulankhula Chizungu na mwana. Akutengerani. Aphunzitsi amudula mamakisi, anzake amuseka."

"Chalakwika n'chiyani? Sanimva?"

"Amakumvani. Koma za dzulo mumazikamba monga za mawa, mwamuna mumamutcha mkazi. Chimabaya m'makutu. Anthu ayesa kwathu kulibe wophunzira."

"Nanga nikambe naye chiyani, iwe? Chinyanja munamumana ndinu!"

Anangoyang'ana nsapato zake.

Sondo yatha foni inalira. "Agogo!" Ninatsegula pakamwa, n'kuyamba kupima liwu lililonse ngati lili bwino. Palibe linatuluka, ine mwini mawu! Ninamumva akuuza amake kuti netiweki yathawa, foni n'kuduka.

Inu a m'tauni, apatseni ana chilankhulo cha kwanu agogo awo akali moyo. Kwa ine kwachedwa. Sondo ikubweranso, ndipo foni naiika pansi pa matilesi.