Mapaketi Khumi ndi Atatu a Bambo Sikelo

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1956, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima, kumene bambo athu ankagwira ntchito yonyamula katundu. Anali achiwiri kubadwa mwa ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mng'ono wawo, chitsirizira m'banjamo. Banja landituma kuti ndiwerenge zonse mmene zinachitikira, osachotsapo kanthu. Ndikupempha kuti ngakhale inu muli kumbuyoko pafupi ndi magalimoto mumvetsere mpaka kumapeto, chifukwa mbali ina ya mbiriyi ikukhudza nyumba zanu.

Anayamba sukulu mu 1963. Masamu ankakhoza, koma kulemba sankakukonda. Mu 1971 bambo athu anamwalira, ndipo malemu anasiya sukulu kuti ife ang'onoang'ono tipitirize. Mu Juni 1974 analembedwa ntchito kophera ng'ombe, poyamba yotsuka pansi, kenako yosenda zikopa, mpaka anawasamutsira kuchipinda chopangira soseji. Kumeneko mmisiri wina wachikulire anawaphunzitsa njira imene anakhala nayo moyo wawo wonse. Nyama ikagayidwa n'kusakanizidwa ndi mchere ndi tsabola, isanalowe m'matumbo, mmisiri amatapa pang'ono ndi chala n'kulawa ili yaiwisi. Anzawo ankayeza mchere pasikelo. Iwo ankayeza palilime, ndipo sankaphonya. N'chifukwa chake ambiri mwa inu dzina lawo la pachitupa simulidziwa. Mumawadziwa kuti a Sikelo.

Pa 12 Epulo 1980 anakwatira alamu anga akhala apawa, amene panthawiyo ankasoka maepuloni a antchito a kophera ng'ombe. Alamu amanena mpaka lero kuti mnyamatayo ankabwera ndi epuloni yong'ambika sabata iliyonse, koma pong'ambikapo pankachita kuonekeratu kuti padutsa mpeni wa mwini wake.

Mu Seputembala 1989 anatsegula butchala yawoyawo mumsewu wa kudepoti: chipinda chimodzi cha matailosi oyera, firiji imodzi, ndi makina ogayira nyama ogula kwa munthu. Ndinene poyera kuti malemu sanali munthu wauve. Mipeni ankaithira madzi owira madzulo alionse, ndipo ntchentche ikalowa, malonda ankaima kaye. Chimene analibe ndi cholembera. Makasitomala awo sankawadziwa ndi maina, ankawadziwa ndi zimene amagula, ndipo aliyense ankamupatsa dzina lakelake. Zonsezo zinkakhala m'mutu mwawo.

Mwana wawo woyamba, wamkazi, anabadwa mu 1983. Anamaliza maphunziro apamwamba mu 2006, ndipo amagwira ntchito m'labotale yofufuza tizirombo timene tinasiya kumva mankhwala. Kachirombo kamene amakaweta m'mbale zagalasi tsiku ndi tsiku kamatchedwa E. coli. Wandifotokozera kuti kachiromboka kali m'matumbo mwa munthu aliyense ali pano, ndipo mitundu yake yambiri n'njofatsa, moti ina akatswiri amaigwiritsa ntchito popanga mankhwala, monga a matenda a shuga. Koma ulipo mtundu wina umene umakhala m'matumbo a ng'ombe osaidwalitsa. Popha, ndowe pang'ono chabe ikakhudza nyama, kachiromboko kamakhala pamwamba, ndiye makina ogayira amakalowetsa mkati monse. Sikanunkha, sikasintha maonekedwe a nyama, ndipo lilime silingakamve.

Pa nkhani imeneyi bambo ndi mwana anakangana zaka zambiri. Mwanayo ankati, “Ababa, kazingani kaye kachidutswa, mulawe kakapsa. Chala chimenecho tsiku lina chidzakupwetekani.” Iwo ankaseka n'kuyankha kuti, “Lilime limeneli ndi limene lakulipirira sukulu, iwe dokotala wa tizirombo. Lero waliona kuti n'lopusa?” Kwa zaka makumi asanu palibe chinawachitikira, ndipo tonse tinkaseka nawo.

Loweruka pa 3 Ogasiti chaka chino cha 2024, malemu anapuma pantchito n'kusiya butchala m'manja mwa mwana wawo wamwamuna womaliza. Tsiku limenelo anafuna kupanga soseji yotsazikira ndi manja awo, yosagulitsa, yongopatsa anthu amene anakhala akuwagula zaka zonsezi. Anali ndi mdzukulu wawo wamkazi wa zaka zisanu, mwana wa mnyamata womaliza uja, amene iwo ankamutcha Kamchere. Atasakaniza nyama analawa monga mwa nthawi zonse. Kenako anatapanso, n'kuika pa lilime la mwanayo. Mnzawo wa pamakina, amene wagwira nawo ntchito kuyambira 1998, anamva akufunsa kuti, “Wakwana mchere, abwana?” Mwanayo anati, “Onjezani, agogo.” Anaonjezera.

Anakulunga mapaketi makumi anayi m'pepala loyera, lililonse lomangidwa ndi ulusi wofiira wochokera pamakina osokera a alamu. Masanawo malemu anaima pakhomo la butchala n'kumapereka okha, dzanja ndi dzanja. Ena anawapititsira kunyumba panjinga. Palibe pamene analemba.

Pa 7 Ogasiti Kamchere anayamba kupotokola m'mimba ndi kutsegula. Tsiku lotsatira malemu nawonso anayamba. Pakhomo anachita zimene nyumba zambiri zimachita: anatenga makapisozi otsala ku matenda akale, ndi mapiritsi oletsa kutsegula m'mimba, n'kuwapatsa onse awiri. Madokotala atiuza kuti pa mtundu uwu wa kachirombo, mankhwala oterewa akhoza kuonjezera vuto m'malo molichepetsa. Sitikunena izi poloza munthu chala. Aliyense wa ife akanachita chimodzimodzi.

Pa 10 Ogasiti kutsegulako kunasanduka kwa magazi, ndipo onse awiri anagonekedwa m'chipatala. Pa 13 zinaoneka ngati zayamba kuchita bwino. Malemu anakhala tsonga, anaitanitsa nsapato zawo, n'kuuza namwino kuti chakudya cha m'chipatalamo chimaphikidwa ndi munthu wokwiyira mchere. Tinaimbirana mafoni kuti achira. Koma matendawa amatero. Pa 14 mkodzo unasiya kutuluka, nkhope inatupa, milomo inayera. Impso zinali zitaima. Madzulo a tsiku lomwelo zizindikiro zomwezo zinaoneka pa mwana. Onse awiri anaikidwa pamakina osefa magazi, agogo kuchipinda cha pansi, mdzukulu kuchipinda cha ana pamwamba.

Pa 16 Ogasiti zotsatira zinatuluka. Mtundu womwewo wa E. coli unapezeka mwa odwala onse awiri, m'makina ogayira, ndi m'mapaketi amene anatsala m'firiji ya kunyumba. Azaumoyo anatseka butchala, n'kufunsa kuti mapaketi ena aja anapita kwa yani. Amene ankadziwa anali munthu mmodzi yekha, ndipo panthawiyo n'kuti akulankhula movutikira.

Pa 17 mwana wawo wa kulabotale uja anakhala pambali pa bedi, khutu lili pakamwa pa bambo ake, iwo n'kumatchula mmodzimmodzi. Sanakumbutsane za mkangano wakale. Ambiri mwa amene anatchulidwa tinawazindikira, ndipo tayenda m'nyumba zawo. Kuphatikiza ndi a kunyumba, mapaketi makumi awiri ndi asanu ndi awiri tikudziwa kumene anathera. Khumi ndi atatu sitikudziwa. Ena malemu sanakwanitse kuwatchula. Ena anawatchula ndi maina amene ankawadziwa iwo okha, ndipo ndiwawerenga tsopano, chifukwa tikukhulupirira kuti eni ake mwabwera kudzaperekeza mnzanu.

A Theka la Kilo. Mayi Chotsanimafuta. A Chiwindi Lachisanu. Aphunzitsi a Agalu Awiri. Agogo a Mapasa.

Atafika pa dzina lomalizali anati, “Amenewo ndinawapatsa awiri. Ana aja amakonda.” Kuchokera pamenepo sanalankhulenso zomveka. Anamwalira Lolemba pa 19 Ogasiti 2024 ali ndi zaka 68.

Tsopano ndikupempha mumve bwino. Ngati m'firiji mwanu muli paketi ya pepala loyera ndi ulusi wofiira, kapena munaipereka kwa mnansi, dziwani kuti kuzizira sikupha kachiromboka. Kali moyo mmenemo. Musaitsegule, musaiphike, musapatse galu, musataye kudzala. Muimange m'jumbo n'kuipereka kwa azaumoyo. Awiri mwa iwo akhala patebulo pageti paja, ndipo sakufunsa mlandu munthu aliyense. Ngati munadya kale, onanani nawo musanachoke. Ngati pakhomo panu mwana akutsegula m'mimba, makamaka za magazi, musamupatse makapisozi kapena mapiritsi oletsa kutsegula. Thamangani naye kuchipatala, munene kuti anadya soseji ya a Sikelo. Musachite manyazi kutchula dzinalo. Banja lalola. Ndipo mwana akaoneka ngati wachira, pitirizani kumuyang'anira: akachepetsa kukodza, akatupa, akafooka, musadikire kuti kuche. Kachiromboka kamayendanso m'manja kuchoka kwa wodwala kupita kwa womusamala, n'chifukwa chake pampopi paikidwa sopo, ndipo pamaliro ano sipaphikidwa nyama.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, alongo awiri, ine mng'ono wawo, ndi adzukulu asanu ndi awiri. Nambala ya adzukuluyi ndaitsimikiza pafoni ndisanaimirire pano. Mipando iwiri yopanda anthu mukuiona kutsogoloyi ndi ya makolo ake a Kamchere. Ali kuchipinda cha ana, pambali pa makina. Mwanayo sanauzidwe. Dzulo atatsegula maso anafunsa ngati agogo ake apatsidwa nsapato zawo.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino a zipinda zonse ziwiri, anzake a mwana wathu a kulabotale amene anafulumizitsa zoyeza, amene mwapereka magazi, mnzawo wa pamakina amene wayenda nafe khomo ndi khomo, ndi inu nonse mwakhala nafe kuyambira Lolemba. Mwambo ukatha ine ndikaima pageti. Agogo a Mapasa, kaya muli pano, kaya pali amene akukudziwani, musandidutse.

Achimwene, munapereka mapaketi aja ndi mtima woyera, ndipo mpweya wanu womaliza munauthera poyesa kuwabweza. Otsalawo tisiyireni ife. Mzimu wanu uuse mumtendere.